Mapiritsi a BP sabwerekana

Kuno ku Chiradzulu timabwerekana mchere, khasu ngakhale njinga, ndipo n'zabwino. Koma mapiritsi a BP tisiye kubwerekana. Agogo mapiritsi awo akawathera, ulendo wa kuchipatala cha boma kapena ku Nguludi n'kuwatalikira, amatuma mdzukulu kukapempha awiri atatu kwa anansi. Amati a BP ndi a BP basi. Ayi ndithu.

Tengani atenolol ndi propranolol. Onsewa ndi a gulu limodzi lomwe madokotala amati beta blocker, ndipo amachititsa mtima kugunda mofatsa kuti magazi asathamange. Koma propranolol, amene James Black anatulukira m'zaka za m'ma 1960, sasankha pogwira. Amafika m'mapapo momwe n'kupanikiza njira za mpweya, moti wa mphumu akamwa akhoza kubanika usiku womwewo. Atenolol amalunjika kwambiri pamtima ndipo amamwedwa kamodzi patsiku, komabe amatuluka kudzera mu impso, choncho wa impso zofooka amafunika mlingo wochepa. Mayi woyembekezera samuyenera, poti mwana amatha kubadwa wonyentchera. Kwa iye achipatala amakonda methyldopa. Wa shuga achenjerenso: mankhwalawa amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima komwe kumamuchenjeza kuti shuga watsika.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kwa ife anthu akuda, mankhwala a gululi paokha satsitsa BP bwino ngati hydrochlorothiazide kapena amlodipine. N'chifukwa chake achipatala amayambira kumeneko. Beta blocker amafika pake pamene mtima weniweniwo uli ndi vuto, monga carvedilol ndi bisoprolol kwa amene mtima wawo wafooka.

Nkhaniyi imandiwawa chifukwa odwala ndi ambiri. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti m'Malawi muno, pa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera.

Kusiya mwadzidzidzi nakonso n'koopsa. Amene wazolowera atenolol kapena propranolol akangoleka, mtima umayamba kuthamanga ngati wothawa, nthawi zina mpaka kupweteka pachifuwa. Choncho musadikire kuti kapepala ka mapiritsi kakhale kopanda kanthu. Mapiritsi akatsala a sabata imodzi, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, nyamukani, ndipo mukafika muwauze adokotala ngati muli ndi mphumu, shuga kapena pathupi.