NTHABWALA IMENE INACOTSA BWANA PA MPANDO

Pa 13 June 2017, anchito a kampani ya Uber ku San Francisco, m'dziko la America, anasonkhana kuti amve zotuluka m'kufufuza za kuzunzidwa kwa akazi pa nchito. Uber ndi kampani ya makompyuta imene imapezera anthu apaulendo galimoto kudzera pa lamya ya m'manja.

Pa msonkhanowo mai Arianna Huffington, mmodzi wa akulu-akulu a kampani, anati mkazi mmodzi akalowa m'bungwe lolamulira, kawiri-kawiri wina amatsatira. Pomwepo a David Bonderman, mnzao wa m'bungwemo, anawadula mau nati cimene cidzaculuka ndi kulongolola cabe. Iwo anayesa nthabwala. Tsiku lomwelo anapepesa ndi kutula pansi udindo wao.

Ena angati cilangoco cinaposa mlandu. Koma nkhaniyi inacokera patali. Mu February caka comweco, mai Susan Fowler, katswiri wa makompyuta amene anali atasiya nchito pa Uber, anaulula kuti kapitao wao anawatumizira mau owafuna cigololo, ndipo atakadandaula anauzidwa kuti munthuyo ngwaluso, sangalangidwe kwambiri. Anatinso pamene analowa m'cigawo cao, akazi anali oposa 25 pa 100 alionse, koma pambuyo pake anacepa kufika pansi pa 6. Atafufuza madandaulo 215, kampani inacotsa anthu 20, ndipo m'mwezi womwewo wa June mkulu wake, a Travis Kalanick, anatula pansi udindo.

Kuno kwathu kuseka sikuletsedwa. Mngoni ndi Mbemba amanyozana pa cimbuya, ngakhale pa maliro, popanda wopsa mtima, cifukwa onse awiri ali ndi ufulu wobwezera. Mtsikana yekha pakati pa amuna makumi awiri alibe ufulu wotere. Akaseka, mawa adzamuonjezera. Akakwiya, adzati ngwovuta, ndipo woseka uja ndiye wosankha amene akwezedwe pa nchito. Ambiri amangocoka mwakacete-cete, luso lao napita nalo, kampani nkumadabwa kuti akazi sakonda makompyuta.

Mu 2019 Uber inavomera kulipira madola 4.4 miliyoni pa mlandu umene bungwe la boma la America loona za cilungamo pa nchito linafufuza. M'caka comweco Zambia inakhazikitsa lamulo latsopano la nchito, limene likakamiza olemba anthu nchito kukhala ndi malamulo olembedwa oletsa kuzunzana pa nchito.