Difu ikayamba kulira, ulendo uyambe wadikira

Ndakhala chete masabata angapo chifukwa cha ntchito yochonga mayeso, koma lero ndabwera ndi nkhani ya galimoto. Musadabwe, choko sindinasiye. Kungoti pa tchuthi cha Ogasiti ndidakangana ndi alamu anga chifukwa cha chitsulo china cha pansi pa lole, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndinkanena zoona.

Apongozi anga adapuma pa ntchito ku Blantyre ndipo adaganiza zobwerera kwawo ku Karonga. Katundu anali wa moyo wawo wonse: mabedi, mipando, makina osokera a amayi, mabuku ndi mbale zomwe. Alamu ali ndi lole ya matani atatu imene imanyamula njerwa ndi mchenga m'tauni, ndiye banja lidagwirizana kuti ndi imeneyo isamutse makolo. Kutatsala masiku anayi ndidakwera nawo kukagula zingwe ndi tenti. Tili m'njira ndidamva kulira kochokera kumbuyo, kuti wuuu. Akaponda mafuta kumakwera, akasiya kumatsika. Posintha giya pamamveka gu! Nditafunsa adaseka. "Aa alamu, imeneyo ndi nyimbo yake. Yalira chonchi chaka chonse. Tikaonera m'njira."

Mawu akuti "tikaonera m'njira" ndi amene ndikutsutsana nawo lero. Atipweteka kwambiri pa misewu yathu.

Choyamba ndifotokoze chimene chinkalira, monga momwe ndimawauzira ana anga m'kalasi ya sayansi. Pakati pa ekiselo ya kumbuyo pali chimphika chachitsulo chimene amakaniko amachitcha difu. Mphamvu ya injini imadutsa mu giyabokosi, kenaka mu propshafti, n'kufika pa giya laling'ono lotchedwa pinyoni. Pinyoniyo imazunguza giya lalikulu lotchedwa kirauni, ndipo mkati mwake muli timagiya tina togawa mphamvuyo ku matayala awiri. Ntchito ya timagiyato imaoneka pokhota. Ngati matayala atalikirana mita imodzi ndi theka, pokhota kona ya madigiri 90 tayala la kunja limayenda mamita pafupifupi 2.4 kuposa la mkati. Popanda difu matayalawo akanamakhulana ndi msewu. Choncho katundu yense amene lole yasenza amakokedwa ndi mano ochepa chabe amene alumana pa nthawiyo. Mano amenewo kapena mabeyaringi ake akatha, amayamba kulira.

Tsono taganizirani njira yake. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga pa msewu wa M1 ndi makilomita pafupifupi 900. Mukadutsa Kasungu ndi Jenda mumakwera ku Chikangawa, kumene mungayende mtunda wautali osaona galaja. Mukapitirira Mzuzu pali chitsetso cha Chiweta. Dalaivala wanzeru amatsika pamenepo ndi giya lotsika kuti injini ithandize mabuleki, ndipo mphamvu yogwira loleyo imadutsa mu difu yomweyo. Difu ikathyoka mano pamenepo, injini singagwirenso galimoto. Ikauma n'kumangika, matayala a kumbuyo amaima mwadzidzidzi. Kunyamula mchenga kuchoka ku Chileka kupita ku Chirimba ndi nkhani ina. Apa kutsogolo kumayenera kukhala apongozi anga awiri.

Nditaumirira, tidapita nayo kwa makaniko wina wachikulire. Zimene adachita poyamba sizidafune ndalama zambiri. Adamasula chotsekera cha pothirira oyilo n'kulowetsa chala. Oyilo amayenera kufika pa mlomo wa bowolo, koma chala chidatuluka chouma. Adagwedeza propshafti ndi manja, ndipo inkasewera kwambiri. Atamasula chotsekera cha pansi, chimene chimakhala ndi maginito, oyilo adatuluka wochepa, wakuda, wonunkha chopserera. Adatiuza kuti kafumbi kosalala pa maginitopo si vuto, koma ife tidaona tizidutswa tonyezimira togwirika ndi zala. Kachubu kopumira ka pamwamba pa ekiselo kanali katatsekeka ndi matope, ndiye mpweya ukatentha unkakankha oyilo kudzera m'masiilo. Atatsegula dramu la kumanzere adapeza mabuleki atanyowa ndi oyilo. Alamu adangoti kakasi.

Mkangano wachiwiri udabuka pogula zipangizo. Alamu ankafuna kusintha pinyoni yokha chifukwa ndiyo inaoneka yodyeka kwambiri. Makaniko adakana, ndipo ine ndili kumbali yake. Kirauni ndi pinyoni amazipera limodzi ku fakitale kuti mano ake agwirizane, choncho zimasinthidwa zonse ziwiri. Ukaphatikiza ya uku ndi ya uko, kulira kumabwerera posachedwa. Ngati mukugula zogwirapo kale ntchito, monga ambiri timachitira ku Ndirande, werengani mano. Kirauni ya mano 37 ndi pinyoni ya mano 6 zikutanthauza kuti propshafti imazungulira kasanu ndi kamodzi ndi pang'ono kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukatenga ya nambala ina, lole ikhoza kuchepa mphamvu pa chikweza kapena kumwa mafuta ambiri. Yang'ananinso mano onse pa dzuwa, kuti pasakhale pobenthuka kapena pokumbika.

Chimene chidandisangalatsa ndi kudekha kwa mkuluyo pomanga. Adaika mabeyaringi ndi masiilo atsopano, adayeza mpata wa pakati pa mano ndi geji, mpata wochepera theka la milimita. Kenaka adapaka utoto pa mano a kirauni n'kuzunguza kuti aone pamene pinyoni ikugunda. Poyamba chizindikiro chidali kunsonga kwa dzino, ndiye adamasula n'kuyambiranso mpaka chidabwera pakati. Adathira oyilo wa magiya wa GL-5, osati wa injini ngati momwe ena amachitira pofuna kupulumutsa ndalama. Magiya a mu difu amakhulana mwamphamvu, ndipo oyilo wa injini sangawateteze. Mabuleki onyowa aja adawasintha, sadangowatsuka ndi petulo.

Ndikudziwa chimene ena munene: aphunzitsi, kulankhula n'kosavuta, ndalama zake zili kuti? Funso limeneli ndi loona. Alamu anga si munthu wopusa. Zipangizo za galimoto zimachokera kunja ndipo mitengo yake imakwera kwacha ikagwa. Mwini lole akaiimika masiku atatu, kunyumba ndiwo zimasowa. Ntchito yonseyi idadya ndalama zoposa malipiro anga a mwezi, ndipo tidachita kusonkha pa banja.

Komabe tiyeni tiwerengere bwino. Lole ikafera ku Chikangawa mudzagulabe kirauni ndi pinyoni yomweyo, koma pa mtengo umene wogulitsa wafuna, popeza akudziwa kuti mulibe kolowera. Muonjezepo ndalama yokokera galimoto, yotumizira chitsulo pa basi, ya makaniko amene simukumudziwa, ya lole ina yosamutsira katundu, ndi masiku ogona kutchire mukulondera mipando ya apongozi. Mano akathyoka ali pa liwiro, nthawi zina amaswa ndi chimphika chomwe. Apo tikunena za ndalama zokha, za moyo sitinatchule. Munthu wosauka ndi amene sangakwanitse kulipira kawiri. Akuluakulu adati fulumira adadya gaga.

Tidachedwa ndi masiku awiri, ndipo apongozi aamuna adang'ung'udza ndithu. Tisanapakire katundu, tidayenda nayo yopanda kanthu kupita ku Lirangwe n'kubwerera. Pa ulendo weniweniwo tinkaima pa Ntcheu, Kasungu ndi Mzuzu, n'kusendeza dzanja pafupi ndi difu kuti timve kutentha kwake, komanso kuyang'ana ngati oyilo akudontha. Pa Chiweta tidatsika pang'onopang'ono, nyanja ikuoneka kumunsi, amayi akuimba nyimbo za kutchalitchi. Kumbuyo kunali zii. Titabwerako, oyilo woyambayo tidamukhetsa n'kuthira wina.

Alamu sadanene kuti ndinkanena zoona, ndipo sindikuyembekezera kuti adzanena. Koma sabata yatha ndidawapeza atagona pansi pa lole ndi sipanala, chala chili mu bowo la oyilo.

Inu amene mukukonza ulendo wa Khirisimasi, zimitsani wailesi kwa mphindi zisanu ndipo mumvetsere kumbuyo kwa galimoto yanu. Ikalira, pitani nayo ku galaja tsiku la ulendo lisanafike. Tionananso sabata ya mawa ndi nkhani za kusukulu.