Kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale mumlengalenga

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankadziwa za ndege, koma mwambiwu ndi woyenera kumatidwa pamaso pa aliyense woyendetsa ndege yaing'ono.

Ngozi zambiri za ndege zoterezi zimachitika potera, ndipo kawirikawiri mphepo imakhalapo. Ndege imatera bwino ikamayang'anizana ndi mphepo. Vuto n'lakuti bwalo laling'ono limakhala ndi msewu umodzi wokha, ndipo mphepo sifunsa kumene msewuwo unaloza. Ikamawomba cham'mbali, woyendetsa amalozetsa mphuno ya ndege kumene mphepoyo ikuchokera, n'kumatsika chopendekera. Akatsala pang'ono kukhudza pansi amaiwongola, n'kutsitsa phiko la mbali ya mphepo kuti tayala la mbali imeneyo liyambe kuponda. Akachedwa pang'ono chabe, ndege imapatukira m'tchire, phiko limakhula nthaka, mwinanso kugadabuka kumene.

Cessna 172, yomwe ambiri amaphunzirira kuuluka, buku lake limati inayesedwa potera ndi mphepo yam'mbali ya ma knots 15, pafupifupi makilomita 28 pa ola. Si mphepo yogwetsa madenga imeneyo ayi. Choopsa kwambiri ndi mphepo yowomba n'kuleka: ikazima mwadzidzidzi ndege ili pafupi ndi nthaka, mapiko amataya mphamvu yonyamula, ndege n'kugwa phi! N'chifukwa chake oyendetsa amaphunzitsidwa kuwonjezera liwiro pang'ono tsiku lotero.

Mankhwala ake ngodziwika. Ukaona kuti sizikukhala bwino, umawonjezera mphamvu ya injini, n'kukweranso, kuzungulira, kudzayesanso. Zikakanika, umapita ku bwalo lina. Palibe amene amapatsidwa laisensi asanaphunzire zimenezi. Nanga n'chifukwa chiyani ena amakakamirabe? Manyazi. Kumbuyoku kwakhala abwana amene alipira ndalama zambiri, akuyang'ana wotchi. Pansipo pali galimoto likudikira. Woyendetsa wachinyamata amaopa kuti akazungulira adzati sadziwa ntchito.

Apa ndiye ndimati mlandu si wa woyendetsa yekha. Msodzi wa ku Likoma akakana kulowa panyanja chifukwa cha mwera, palibe amamutcha wamantha, pakuti onse pagombe amaudziwa mwerawo. Koma okwera ndege ambiri mphepo saiona. Amangoona kuti achedwa, ndipo madandaulo awo amafika kwa eni kampani. Kampani imene imafunsa woyendetsa kuti afotokoze za mafuta amene wawononga pozungulira kachiwiri ikumuuza, mosatchula, kuti ulendo wina adzatere basi, ziwombe zisawombe.