Firiza ikafa, mpamba umawolera momwemo

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Monkey Bay, mchenga wa kunyanja supondeka popanda nsapato. Ino ndiyo nyengo imene aisi ndi zakumwa zozizira zimayenda malonda, ndipo ogula chambo ndi kampango ku Msaka, Chembe ndi Makawa amafuna nsomba zawo zikafike ku Limbe kapena ku Lilongwe zisanayambe fungo. Ndi nyengo yomweyinso imene mafiriza amafa kwambiri, ndipo amakonda kufa atadzaza katundu.

Zikatero timathamangira kuloza chala ESCOM. N'zoona kuti magetsi amativuta, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Koma ine ndikuona kuti makompuresa ambiri timawapha tokha pang'onopang'ono, ndipo ena timawataya akadali amoyo.

Kompuresa ndi kabotolo kakuda kaja kali kumbuyo kapena kumunsi kwa firiza. Ntchito yake ndi kupopa gasi kuti azizungulira m'mapaipi, kutenga kutentha kwa m'kati n'kukakutayira kunja. Ndiye taganizani firiza yoikidwa m'hokala ya malata yopanda zenera, yogunditsidwa kukhoma, makatoni a sopo ataunjikidwa m'mbali. Kutenthako kutulukira kuti? Kompuresa imangolira osapuma mpaka mawaya ake a m'kati kupsa. Siyani mpata wokwana chikhatho pakati pa firiza ndi khoma, ikhale pamthunzi, ndipo mwezi uliwonse muzimitse n'kuchotsa fumbi ndi akangaude ndi burashi yofewa.

Chachiwiri ndi phuma. Magetsi akangophethira n'kubweranso, gasi amakhala akadali wopanikizika m'mapaipi, ndipo kompuresa imalephera kudzuka. Zimitsani pa soketi, dikirani mphindi zisanu, kenako yatsani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaonanso mababu akuyaka mofiira ngati koloboyi, dziwani kuti mphamvu ya magetsi yatsika pansi pa 230 volts imene firiza imafuna. Ndi bwino kuzimitsa kusiyana ndi kuikakamiza. Kachipangizo kotchedwa fridge guard kamachita zonsezi kokha ngakhale inu muli kudoko. Ena amati n'kodula. Yerekezani mtengo wake ndi wa kompuresa yatsopano, muonjezepo nsomba zowola ndi masiku okhala osagulitsa, mupeze yankho nokha.

Jenereta yaing'ono ndi mawaya opyapyala olumikizalumikiza kuchokera kwa neba nazonso zimapha. Podzuka, kompuresa imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda, choncho jenereta yongokwanira mababu ndi wailesi siingaidzutse bwino.

Pali zizolowezi zina zimene tiyenera kusiya. Kukokota aisi ndi mpeni kumaboola paipi. Kuthira nsomba zambiri zofunda nthawi imodzi kumalemetsa kompuresa. Yambani mwaziziziritsa ndi aisi. Firiza imene yabwera pa lole itagonekedwa iyenera kuima chilili kwa maola angapo isanayatsidwe, kuti oilo abwerere m'malo mwake. Mphira wa chitseko muyeseni ndi pepala: litsekereni pachitseko, likasololoka mosavuta ndiye kuti mphirawo watha ndipo mpweya wotentha ukulowa usana ndi usiku.

Tsopano pa nkhani ya amakaniko. Alipo odziwa ntchito, koma mawu awiri amatidyera ndalama: "gasi watha" ndi "kompuresa yapsa". Gasi wa m'firiza si mafuta a galimoto, amangozungulira, satha. Ngati wachepa, pali podontha. Kuthira wina osapeza bowolo n'kutunga madzi ndi dengu, ndipo pakapita masabata ochepa mulipiranso. Nthawi zambiri podontha pamaoneka ndi kaoilo pa paipi, kapena thovu mukapaka madzi a sopo. Onetsetsaninso kuti gasi amene akuthiridwa ndi yemwe walembedwa pa kompuresa, kaya R600a kapena R134a. Awiriwa sasakanizidwa, ndipo R600a amayaka moto, choncho pasakhale mbaula kapena fodya pafupi.

Mukamva firiza ikung'ung'udza pang'ono kenako n'kumveka "tha!", n'kubwerezanso pakapita mphindi zingapo, musafulumire kuilira maliro. Kawirikawiri chafa ndi relay kapena capacitor, tizipangizo ting'onoting'ono ta m'mbali mwa kompuresa timene timaithandiza kudzuka, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompuresa. Izimitseni msanga, chifukwa kuisiya ikuyesayesa usiku wonse ndi kumene kumaipsereza zenizeni. Makaniko akabwera, muuzeni ayeze ndi mita inu mukuona. Akasintha chipangizo, chakalecho akusiyireni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndalama ndi zanu, funsani.

Amalonda anzanga, boti timalimata phula lisanayambe kulowa madzi, ukonde timausoka tisanapite panyanja. Firiza nayo ndi chida cha ntchito. Sabata ino, dzuwa lisanafike pachimake, isunthireni kutali ndi khoma, ichotseni fumbi, yesani mphira, ndipo pa phindu la tsiku lililonse muzipatulako kangachepe kogulira fridge guard.