Mphete ya pa mwendo wa namzeze si ufiti, ibwezeni kwa eni ake

Mvula ikayamba kugunda mu Okutobala ndi Novembala, anamzeze amadzaza pa mawaya a magetsi kucokera ku Chipata mpaka ku Livingstone. Anyamata a malegeni nawo amakondwa, pakuti ndiwo zafika. Ndiye nthawi zina mwana amatola mbalame imene walasa, napeza kacitsulo kozungulira mwendo wake, kolembedwa manambala ndi zilembo zacizungu. Zimene zimatsatira tikuzidziwa. Agogo akangokaona amati mbalameyo ndi yotumidwa, kacitsuloko kaponyedwe m'cimbudzi msanga, ndipo nyamayo isalowe mumphika. Atate amene anapitako ku sukulu amaganiza zina. Iwo amati mbalameyo ndi ya boma, ndipo a zanyama akamva padzakhala mlandu. Nawonso amakataya. Ena amakasunga m'kabotolo poyesa kuti ndi siliva wodzagulitsa tsiku lina.

Ife tikuti onsewa akulakwitsa, ndipo cimene cikutayika m'cimbudzimo ndi nzeru zimene dziko lathu likusowa.

Kacitsuloko ndi mphete imene akatswiri a mbalame amaveka pa mwendo kuti adziwe kumene mbalameyo imapita. Ilibe mankhwala, ilibe mtengo pa msika. Kawirikawiri imapangidwa ndi aluminiyamu, citsulo comwe cija ca mapoto athu. Nambala yake ndi imodzi yokha, ngati nambala ya citupa, ndipo pambali pake pamakhala dzina la malo kumene uthenga uyenera kutumizidwa, kaya ndi London, Nairobi kapena Cape Town. Nchitoyi anaiyamba mphunzitsi wa ku Denmark, a Hans Christian Cornelius Mortensen, mu 1899. Isanayambe, anthu ambiri a ku Ulaya sankadziwa kumene mbalame zawo zimathawira nthawi ya cisanu, moti m'zaka zakale kunali ophunzira amene ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe mpaka kutafunda. Mu Disembala 1912 namzeze amene anavekedwa mphete ku Staffordshire, ku England, mu 1911 anapezeka ku Natal, ku South Africa. Munthu mmodzi amene anawerenga nambala natumiza uthenga ndi amene anaonetsa kutalika kwa ulendowo. Akanakhala ngati ife, mpheteyo ikanathera m'dzenje.

Kuti tione mmene nchitoyi imayendera, tiyeni tipite ku Kenya, ku malo ochedwa Ngulia, m'nkhalango ya nyama ya Tsavo West. Kumeneko kuli nyumba ya alendo yomangidwa pamwamba pa citunda, imene inatsegulidwa mu 1969. Eni ake anaika magetsi owala kwambiri kuti alendo aziona nyama zikubwera kudzamwa madzi usiku. Posakhalitsa anthu anaona cinthu cimene sanaciyembekezere. Mu Novembala ndi Disembala, usiku wopanda mwezi, nkhungu ikatsika pa citundapo, mbalame zing'onozing'ono zikwizikwi zinali kugwera m'zitsamba zozungulira magetsiwo. Ndi mbalame zocokera ku Ulaya ndi ku Asia, zimene zimauluka usiku polowera kum'mwera. Nkhungu imaziphimbira nyenyezi, ndipo kuwala kumazikoka. Kuyambira nthawi imeneyo, akatswiri ndi anthu odzipereka akhala akukumana pa Ngulia caka ndi caka, motsogozedwa kwa zaka zambiri ndi a David Pearson ndi a Graeme Backhurst, ndipo mbalame zimene zavekedwa mphete pamalopo zinapitirira theka la miliyoni.

Nchito yake ndi yofuna kudekha. Amachera maukonde opyapyala kwambiri pakati pa nsici, oti mbalame siiwaona bwino. Ikagunda ukondewo imagwera m'kathumba ka ukonde womwewo, osavulala. Munthu wophunzitsidwa amaicotsa ndi zala, naiika m'kathumba ka nsalu kuti ikhale mumdima isamanjenjemere. Pa thebulo amaona mtundu wake, naiveka mphete ya saizi yake ndi kapani. Amayesa utali wa phiko, amaiika pa sikelo, amauzira nthenga za pacifuwa kuti aone mafuta amene yasunga, popeza mafutawo ndiwo kamba wa paulendo. Zonse amalemba m'buku. Pakapita mphindi zocepa amatsegula dzanja, mbalame n'kupita.

Mwina wina afunsa kuti za ku Kenya zikutikhudza bwanji ife a ku Petauke kapena ku Monze. Yankho lili m'dambo la kuseri kwa mudzi wanu. Mbalame imene imagwidwa kwambiri pa Ngulia ndi kaja kofiirira kamene azungu amati marsh warbler, kolemera pafupifupi magalamu 12, ngati masupuni atatu ang'ono a shuga. Kamaswa ku Ulaya, kamanyamuka mu Julayi ndi Ogasiti, kamapumula miyezi ingapo ca ku Sudan ndi Ethiopia, kenako kamadutsa ku Kenya. Ca mu Disembala kamafika kuno ku Zambia, ku Malawi ndi maiko a kum'mwera, n'kukhala m'zitsamba ndi m'maudzu aatali mpaka Malichi kapena Epulo. Ngati tiwerenga miyezi, kambalameka kamakhala mu Africa nthawi yaitali kuposa ku Ulaya. Ndiye ndi ka yani?

Pali nkhani ina ya kambalameka imene ife imatisangalatsa kwambiri. Mai Françoise Dowsett-Lemaire, amene pambuyo pake analemba nawo buku lalikulu la mbalame za m'Zambia lotuluka mu 2008, anachera khutu ku nyimbo za mbalamezi ku Belgium m'zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti zimaimba motsanzira mbalame zina, mitundu yoposa 200, ndipo yoposa theka mwa mitundu imeneyo ndi ya muno mu Africa. Mwana wa mbalameyi amaphunzira nyimbo m'caka cake coyamba, ndiye zimene wamva kuno amakaziimba kwawo. Kulira kwa pumbwa, amene amatidyera mapapaya pakhomo, kumamveka m'madambo a ku Ulaya kumene pumbwa sanapondeko. Akulu anati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu amacoka atatenga cinenero cathu.

Tsopano tinene za otsutsa, pakuti alipo ndipo si opusa. Oyamba amati kugwira mbalame mu ukonde ndi nkhanza. Sitikana kuti mbalame imacita mantha ikagwidwa, ndiponso kuti zina zimafa. Kafukufuku wa ku America ndi Canada wofalitsidwa mu 2011 anaona kaundula wa mbalame zoposa 600,000 zogwidwa m'maukonde otere, napeza kuti zimene zinafa sizinafike 3 pa 1,000 iliyonse. Ciwerengero cimeneco ndi cocepa, koma ndi ca anthu ophunzitsidwa, oyendera maukonde pafupipafupi ndi kuwapinda dzuwa likakula kapena mvula ikagwa. Ukonde womwewo m'manja mwa munthu wosadziwa ndi msampha wakupha. N'cifukwa cake ife sitikufuna kuti aliyense azingogula ukonde n'kudzicha katswiri. Pafunika cilolezo, ndipo wofuna cilolezoco ayambe wagwira nchito nthawi yaitali pansi pa wodziwa.

Ena amati masiku ano kuli tizipangizo tomangirira pamsana pa mbalame, ndiye mphete ndi zacikale. Tizipangizoto tilipodi, ndipo taonetsa zodabwitsa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anaonetsa kambalame kocokera ku Alaska kakuuluka makilomita oposa 14,000 kudzafika kum'mawa kwa Africa. Koma tizipangizo topepuka toyenera mbalame zazing'ono zotere kawirikawiri sititumiza uthenga tokha. Pamafunika kuigwiranso mbalame yomweyo caka cotsatira kuti muwerenge zimene kacipangizo kasunga. Ndiponso ndi todula, moti mumamanga pa mbalame makumi ocepa. Mphete ndi yochipa, mumaveka zikwi, ndipo ndiyo imakuuzani zaka zimene mbalame imakhala ndi moyo, ndi ngati imabwerera ku dambo lomwelo.

Otsutsa amene ali ndi mau olemera ndi aja amati dziko lili ndi njala, zipatala zikusowa mankhwala, inu mukukamba za tumbalame. Amenewa tikuwamvetsa. Sitikupempha kuti ndalama za feteleza zipite ku maukonde. Tikungokumbutsa kuti kambalame kodalira dambo kamatiuza za dambolo. Malo amene kamagonamo ndi omwe ng'ombe zathu zimadyamo m'cilimwe, ndi omwe akasupe a madimba athu amacokeramo. Tikatentha mabango caka ndi caka, tikalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, tikamaliza mitengo ndi makala, mbalame ndizo zimayamba kucepa, ife tisanazindikire kuti citsime cayamba kuphwa msanga. Ku Ulaya, kumene amawerenga mbalame zawo caka ciliconse, aona kuti mitundu yambiri imene imabwera kuno ku Africa yacepa kwambiri pa zaka makumi angapo zapitazi. Cifukwa cake sicingapezeke ndi kuwerenga kwa ku Ulaya kokha, popeza mbali yaikulu ya moyo wa mbalamezi ili kuno.

Apa ndi pamene tili ndi dandaulo ndi dziko lathu. Zambia ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750. Inalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1991, ndipo Kafue Flats ndi Bangweulu ndiwo malo oyamba amene inalembetsa. Tili ndi malo 42 odziwika pa dziko lonse kuti ndi ofunika kwa mbalame. Koma nchito yoveka mphete yakhala m'manja mwa anthu ocepa odzipereka, ogwiritsa nchito chuthi cawo ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo ambiri mwa iwo akhala alendo kapena eni mafamu. Tikuwathokoza, pakuti popanda iwo tikanadziwa zocepa kuposa apa. Koma sitingakondwe kuti mwana wa ku Katete akhale wonyamula nsici za ukonde basi, pamene wolemba m'buku ndi wina. Ku South Africa anayamba kuveka mphete mu 1948, ndipo ali ndi likulu la nchitoyi, SAFRING, pa yunivesite ya Cape Town. Ife tili ndi University of Zambia ndi Copperbelt University, zonse zophunzitsa za cilengedwe. Cingavute n'ciani kuti zigwirizane ndi bungwe la BirdWatch Zambia, lija kale linkachedwa Zambian Ornithological Society, kukhazikitsa malo amodzi okhazikika, mwina ca ku Lochinvar, kumene ophunzira angamapite mu Disembala ndi mu Malichi caka ciliconse? Katundu wake si wambiri: maukonde, nsici, masikelo, timatumba ta nsalu ndi mahema. Cofunika kwambiri ndi kusadumphitsa caka. Phindu la Ngulia lili poti anthu anabwerera pa citunda comweco kwa zaka zoposa 50.

Ndipo tisaiwale kuti si mbalame za ku Ulaya zokha zimene zimayenda. Zilipo zathu zenizeni zimene zimaswa kuno m'dzinja n'kupita kumpoto, ca ku Congo ndi kupitirira, mvula ikatha. Maulendo a zimenezi ndiwo sadziwika bwino, cifukwa kulibe mzungu amene akuziyembekezera pakhomo pake. Ngati sitizitsata ife, adzazitsata ndani?

Koma ngakhale titamanga malo abwino cotani, mphete imene yavekedwa ilibe nchito ngati wopeza saibweza. Pa mbalame zazing'ono, mphete zimene zimamvekanso ndi zocepa kwambiri, ndiye iliyonse yotayidwa ndi citayiko cacikulu. Pano tikulankhula ndi a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Munthu wa kumudzi amaopa yunifolomu yanu, ndipo ali ndi zifukwa zake. Ngati akuganiza kuti kubweretsa mphete ndi kudzipereka yekha ku mlandu wakupha mbalame, sadzabwera. Lengezani poyera, pa wailesi za m'madera ndi kudzera mwa mafumu, kuti wobweretsa mphete ya kambalame sadzafunsidwa mlandu. Sitikuti ana apitirize kupha anamzeze, ayi. Namzeze amadya tizilombo touluka tsiku lonse ndipo nyama yake siikwana ndi mbamu imodzi ya nsima. Koma mbalame ikafa yafa, kaya ndi legeni, ulimbo, mphaka kapena galimoto, ndipo nambala ya pa mwendo wake ikadali ndi nkhani yoti inene.

Aphunzitsi a masukulu a pulaimale, inu ndinu amene mungathandize msanga kuposa wina aliyense, popeza ana amene amapeza mphetezi ali m'makalasi mwanu. Auzeni kuti akaipeza abwere nayo kwa inu. Lembani nambala yonse ndi zilembo zonse monga zilili, tsiku limene mbalameyo inapezeka, dzina la mudzi, mfumu ndi boma, ndi mmene inafera, mosabisa. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani mpheteyo ndi mbalameyo. Mbalame ikakhala yamoyo musaivule mphete, ingowerengani nambala n'kuimasula. Uthengawo utumizeni ku BirdWatch Zambia ku Lusaka kapena ku ofesi ya a zanyama imene ili pafupi nanu, ndipo mupemphe kuti akuyankheni. Mabungwe oveka mphete ali ndi mwambo wouza wopeza kumene mbalameyo inavekedwa ndi tsiku lake. Yankholo likafika, liwerengeni m'kalasi, mutsegule mapu, ndipo mwana amene anabweretsa mpheteyo aloze yekha ndi cala dziko limene namzeze wake anacokera.