Phwando la maluwa lisasiye ena kunja

Malichi akamapita kumapeto, anthu a ku Japan amadikira uthenga umodzi: kodi mitengo ya sakura yachita maluwa? Ku Tokyo, bungwe loona zanyengo limayang'anira mtengo wina wa pakachisi wa Yasukuni, ndipo ukatumbula maluwa 5 kapena 6, limalengeza kuti nyengo yafika. Mabanja ndi anthu ogwirira ntchito limodzi amayala malona pansi pa mitengo m'mapaki ngati Ueno, amavula nsapato, n'kukhala pansi kudya zimene abwera nazo. Mwambowu amautcha hanami, kutanthauza kuona maluwa.

Zithunzi za hanami zafika m'mafoni mwathu, ndipo okongoletsa maphwando ambiri akutolapo mtundu wa pinki basi: maluwa apulasitiki, mabaluni ndi nsalu zobwereka zokutira mipando. Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo pakoleji ndalamazo zimachokera m'zopereka za ophunzira. Chopereka chikakwera, mnzathu amene sanamalize fizi amatsala kuhositelo n'kumanamizira mutu. Ife tikuti, ngati tikufuna kutengera ku Japan, titengere mphasa ndi mtengo.

Mbiri ya mwambowu ikutivomereza. M'nyengo ya Heian, kuyambira mu 794 mpaka 1185, kuonerera sakura kunali kwa mfumu ndi anthu a kunyumba yachifumu. Mu 1720, wolamulira Tokugawa Yoshimune anadzalitsa mitengoyi paphiri la Asukayama kuti anthu wamba nawonso azisangalala. Hanami inakula chifukwa aliyense anapeza pokhala.

Ena anena kuti phwando lotsanzikana limachitika kamodzi, choncho liyenera kuoneka lapamwamba. Chifukwa chomwecho ndicho chikufuna kuti aliyense wa m'kalasi apezekepo. Enanso akumbutsa kuti ambiri ku hanami amamwa mowa. N'zoona, ndipo zimenezo tizisiya konko. Si zonse za kwa eni zimene mlendo amanyamula.

Chimene chimakhudza mitima ya anthu a ku Japan n'chakuti maluwawa sakhalitsa: akatumbuka onse, pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono amayoyoka. Duwa lapulasitiki silingaphunzitse zimenezi. Pa Mateyu 6, Yesu anatiloza ku maluwa akutchire pofuna kutichotsa nkhawa ya zovala. Zaka zathu za pakoleji nazonso n'zoyoyoka msanga.

Sakura tilibe, koma jakaranda tili naye, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala amakuta misewu ndi maluwa ake. Komiti ya phwando isankhe Lamlungu lina m'miyezi imeneyi. Tiyale mikeka pamthunzi, wina abweretse zigumu, wina mbatata, wina chidebe cha thobwa, kwaya iimbe. Pochoka titole zinyalala zathu zonse. Ndalama zimene zikanapita ku mabaluni zithandize mnzathu kulowa m'chipinda cha mayeso.