Musiyeni mwanayo ajambule Goku wake

Lachitatu lapitali tinakhala mu sitafu rumu maola awiri athunthu kuzenga mlandu wa mnyamata wa Fomu 2 amene anapezeka atajambula Goku kumapeto kwa kope lake la masamu. Maola awiri! Mphunzitsi mnzanga wina ananyamula kopelo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, nati izi ndi zausatana, mwanayu apite kwawo sabata ziwiri ndipo adzabwere ndi makolo. Makolo ati? Mwanayu amaleredwa ndi agogo ake kuseri kwa mapiri kulowera ku Ntchisi, ndipo fizi imachokera m'matumba awiri a soya. Ine ndinakana, ndipo pano ndikukanabe.

Tisanamizane anzanga. Ndani mwa ife amene sanazembetseko mazira a amayi ake kuti apeze yolipira pakhomo la vidiyo sho pa Mponela kapena pa Madisi? Tinkapanikizana pa mabenchi, jenereta ikubangula kunja, maso ali tong'o pa Bruce Lee ndi Jackie Chan, Chingerezi osamva ngakhale liwu limodzi. Potuluka aliyense mwendo m'mwamba. Wailesi ya kanema ya boma inayamba mu 1999, ndiye kwa ambiri a ife zenera loonera dziko linali lomwelo. Lero ena ndife aphunzitsi, ena ndi abusa, ena akugula fodya. Sindikudziwa ndi mmodzi yemwe amene anasanduka chigawenga chifukwa cha Bruce Lee.

Amene akufuula kwambiri sanaonerepo ngakhale gawo limodzi. Ine ndinaonera, chifukwa sindiweruza mlandu womwe sindinaumve. Dragon Ball anaiyamba ndi Akira Toriyama wa ku Japan mu 1984, ndipo bamboyu anamwalira mu 2024. Maziko ake anawatenga m'nthano yakale ya ku China yonena za mfumu ya anyani, n'chifukwa chake Goku ali mwana anali ndi mchira. Nthano, anzanga, ngati za Kalulu ndi Fisi zomwe ife tomwe timaphunzitsa m'kalasi ya Chichewa. Nanga Goku mphamvu anazipeza bwanji? Mphunzitsi wake ankamudzutsa m'bandakucha kukagawa mkaka wapansi, kenako kukalima munda ndi manja okha, chigoba cholemera chili kumsana, akamaliza akhale pansi awerenge. Mwana wa ku Dowa amene amapanga mizere sukulu isanayambe safuna womumasulira zimenezo.

Naruto ndiye amandikhudza kwambiri. Masashi Kishimoto anayamba kumujambula mu 1999. Ndi mwana wamasiye amene mudzi wonse umamusala chifukwa m'thupi mwake munatsekeredwa chilombo, ndipo mayeso a kusukulu kwawo anawalephera katatu. Akulu akamuona amakoka ana awo. Kodi ifeyo ana otere tilibe? Sitinamvepo mwana akunenedwa kuti agogo ake anamuphunzitsa ufiti, anzake n'kuyamba kumuthawa pa chitsime? Mnyamata wanga uja akamaonera Naruto pa kafoni ka msuweni wake, sakufuna ziwanda ayi. Akuona mnzake.

Zoti anthu akuuluka ndi kuponya moto ndiye mundiseketsa nazo. Ife amene timakhulupirira kuti munthu angakwere lichero usiku n'kukafika ku Joni tikudabwa ndi katuni? Mwana amadziwa kuti Goku ndi chojambula. Ndi akuluakulu amene amamenya nkhalamba chifukwa cha maloto. Ndipo kunoko, kumene Gule Wamkulu ndi wathu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, tikudziwa momwe zinawawira pamene azungu a mishoni ankatcha chilichonse chobisa nkhope kuti n'cha mdyerekezi asanafunse tanthauzo lake. Lero ife tatenga ndodo yomweyo.

Sindikunena kuti zonse n'zoyera. Mphunzitsi wa Goku uja ndi nkhalamba yokonda akazi, ndipo pali magawo amene sindingalole mwana wa Sitandade 3 aonere. Ndewu zina zimatenga magawo ambirimbiri anthu akungokalipirana, mpaka ine ndinagona. Ndipo inde, ana amathawa m'kalasi kukakhala m'mavidiyo sho. Koma pitani mukaone chimene chimaonetsedwa m'menemo dzuwa likalowa, mwini wake akatsitsa nsalu pakhomo, ana a yunifolomu ali momwemo. Pitani kwa anyamata olowetsa nyimbo m'mafoni mukafunse zimene amaika m'memore khadi pa mtengo wa mandasi. Nkhaniyi ndaidzutsa kangapo pa msonkhano wa makolo. Onse amangoti zii, chifukwa eni malowo ndi achibale awo. Kulimbana ndi kope la mwana wamasiye n'kosavuta.

Ahedi pomaliza anati mwanayo angoslasha udzu kuseri kwa zimbudzi, nkhani ithe. Kopelo anandipatsa ine kuti ndikang'ambe tsambalo. Sindinang'ambe. Pasukulu pathu palibe mphunzitsi wa zojambulajambula, ndipo tchati cha mtima wa munthu chomwe chinali m'kalasi ya sayansi chinadyedwa ndi chiswe chaka chatha. Ndagula mapepala akuluakulu atatu ndi zolembera zamitundu ndi ndalama zanga. Lolemba akuyamba ndi mtimawo.